Msuzi wa Chiwindi cha Nkhumba

"Amayi, mkodzo wa mwanayu wayera bwanji?"

Hailan anafunsa ataima pakhomo la khitchini, kachidebe kamene mwana wake amakodzeramo usiku kali m'manja. Anali atafika dzulo lake madzulo kuchokera ku minda ya nzimbe ya kuseri kwa phiri, kumene amagona sabata yathunthu akudula, ndipo zikhatho zake zinali zisanapole. Apongozi ake, a Lu, sanacheuke n'komwe. Anapitiriza kukankhira nkhuni pansi pa chiwaya.

"Kwanu mkodzo wabwino ndi wofiira?" anatero a Lu.

"Lele akamamwa mankhwala ake umafiira. Ndinakuuzani ndisanapite."

"Unandiuza, eya. Inenso ndinaona ndi maso angawa. Mwana alibe magazi, nkhope yachita kuti mbee, ndiye m'mawa uliwonse ndizikataya magazi ake kuseri kwa khola, iwe uli phee ku nzimbe? Ndamusiyitsa mankhwalawo. Taona, masiku ochepa omwewa wayera."

"Si magazi amenewo, amayi. Ndi chitsulo chimene mankhwalawo akuchotsa m'thupi."

"Chitsulo." A Lu anaseka monyodola. "Anameza chikwanje mdzukulu wangayu? Liti?"

Lele anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, koma womuona ankati n'kamwana koyamba kumene sukulu. Anabadwa ndi matenda amene kuno timangoti dipin. Thupi lake silipanga magazi okwanira, ndiye mwezi ndi mwezi amake amapita naye ku chipatala cha kuboma kukamuwonjezera magazi. Tsoka lake, magazi opatsidwawo amasiya chitsulo m'thupi, ndipo thupi la munthu lilibe khomo lotulutsira chitsulo. Chimangounjikana m'chiwindi ndi mumtima ngati dzimbiri pa khasu losiyidwa pamvula. Zimenezi Hailan anali atawafotokozera apongozi ake mpaka kukamwa kuuma, koma ankangokhala ngati akuthira madzi pamsana pa bakha.

Anaika chidebe pansi. Fungo limene linkatuluka m'chiwaya analizindikira asanasuzumiremo. Chinali chiwindi cha nkhumba chodula mopyapyala, chikuwira ndi jinja ndi anyezi. Kamphika kadothi kamene iye anagula kuti aziphikiramo zakudya za Lele kanali pa alumali, katavundikiridwa, fumbi lili pamwamba.

"Msuziwu ndi wa ndani?"

"Wa amene akusowa magazi. Kapena umayesa ndi wako? Iwe magazi uli nawo, oipa omwewo."

"Dokotala ananena, amayi. Chiwindi ayi. Magazi a bakha ayi. Nyama yofiira apatalipatali. Zophika m'chiwaya chachitsulo ayi. Adye nsomba, mazira, nkhuku, ndipo pakudya azimwera tiyi kuti chitsulo cha m'chakudya chisalowe chonse."

"Tiyi kwa mwana wopanda magazi. Ndani sadziwa kuti tiyi amaumitsa munthu? Tamvera kuno, mtengwa iwe. Ine nditabereka Dekun, mwamuna wakoyo, ndinataya magazi mpaka kuona mdima dzuwa lili pamutu. Anandidzutsa ndi apongozi anga, ndi msuzi womwewu. Iwenso utabereka unamwa mbale zingati kuchokera m'manja mwanga? Sindinakumve ukukana. Unkachita kunyambita milomo."

"Ine ndi Lele n'zosiyana."

"Wadwala magazi, idya za magazi. Makolo athu onse sanali zitsiru. Galu wamkota sakandira pachabe. Dokotala wakoyo ndinamuona, kamtsikana kobadwa dzulo, kopanda ndi mwana yemwe."

"Ndi yemweyo wamusunga Lele mpaka lero."

"Wamusunga? Mwana wamimba ngati ng'oma, khungu lathimbirira, osakula, n'kumati wamusunga? M'banja lino la a Nong matendawa munalibe. Amuna anga anafa akadali kusenza matumba awiri a mpunga paphewa. Matendawa unabwera nawo iwe, m'bokosi lako la ukwati, pamodzi ndi mabulangete ofiira aja. Ndiye ndikati ndikonze zimene unawononga, uzindiimira pakhomo ndi chidebe cha mkodzo?"

Mawu amenewa Hailan anali atawamva kambirimbiri, koma sanasiye kumupweteka.

"Chala chimodzi sichiswa nsabwe, amayi. Matendawa mwana amawatenga kwa makolo onse awiri. Bambo ake a Lele akudziwa."

"Usandigwirire mwana wanga pakamwa. Iye akuthyoka msana m'fakitale ku Dongguan chifukwa cha iwe."

Pamenepo anamva kuphazi kukhwekhwereza. Lele anali ataima kumbuyo kwa amake, atavala jekete lofika m'maondo, maso akuthamanga kuchoka kwa agogo kupita kwa amake.

"Ine ndilibe njala," anatero motsitsa.

Hailan anatenga nsanza, n'kunyamula chiwaya chija pamoto, kutuluka nacho panja. Anakakhuthulira msuzi wonse m'chodyera cha nkhumba. Nkhumba yaikulu, imene ankainenepetsa kuti adzaiphe Chaka Chatsopano chikayandikira, inadzuka n'kuyamba kukhapira. Atabwerera anapeza apongozi ake atakhala pa kampando, akulira mosatulutsa mawu, Lele atamukumbatira pachifuwa. Chowawa chake chinali chimenecho. A Lu sankamuda mwanayo. Ankamukonda kuposa maso awo.

"Idyetse," anatero a Lu akupukuta misozi. "Chiwindi chake chidzabwerera m'mbale."

Patapita masiku angapo Hailan anakwera basi ndi Lele kupita kuboma. Pa masitepe a chipatala mwanayo anapuma kawiri, atagwira khoma, akupumira m'mwamba. Mwezi wathawo anawakwera osaima. Magazi akulowa pa mkono, Lele anagona tulo, ndipo dokotala Pan anamuitanira Hailan pakhonde.

"Mayi, mwezi uno wadya chiyani mwanayu? Mankhwala akumwa?"

Hailan anazyolika. Kunena apongozi kwa mlendo kunamulemera pakamwa. "Panali masiku ena amene anadumphitsa. Ndinali ku nzimbe."

"Muli ndi agogo kunyumba?"

Dokotalayo sanadikire yankho. Anavula magalasi n'kutikita maso.

"Ndikuuzeni mosapsatira. Chitsulo chakwera, ndipo mtima wayamba kulemedwa. Ana amene ndataya pa chipatala pano sanafe ndi kusowa magazi. Magazi timawapatsa. Chimawatenga ndi chitsulo, mtima ukatopa. Mbale imodzi ya chiwindi siipha munthu, koma mbale ya lero ndi ya mawa ndi ya mkucha, kwinaku mankhwala ali pa alumali, zimenezo zimapha. Bambo ake ali ndi abale osakwatira?"

"Ali ndi mlongo wawo, Suping. Ali pa chitomero."

"Akayezetse, iye ndi mnyamata womutomerayo. N'zaulere. Akakhala kuti onse awiri ali ndi mbewu ya matendawa, adziwiretu."

Kuyambira sabata imeneyo Hailan anasiya ntchito ya kuseri kwa phiri, ngakhale kuti ndiyo inali ya malipiro abwino, n'kuyamba kudula m'minda ya pafupi kuti azigona pakhomo. Mankhwala a m'mawa ndi a madzulo ankamumwetsa yekha, atamuyang'anitsitsa pakhosi. Chakudya cha masana ankachiphika m'kamphika kadothi asananyamuke. Koma masana ndi aatali, ndipo munthu sungadule nzimbe diso limodzi lili kunyumba. Madzulo akamufunsa Lele kuti wadya chiyani, ankayankha mwachangu kuti mpunga ndi dzira, kenaka n'kuthamangira panja kukaona anapiye.

Dekun anafika kutatsala sabata ziwiri kuti chaka chithe, atanenepa pang'ono, atanyamula zikwama za mphatso. Amake anawagulira jekete la thonje, mlongo wake nsapato, mkazi wake mafuta opaka m'manja. Pomaliza anatulutsa bokosi lofiira lokhala ndi timabotolo tondandalikidwa bwino, n'kulipereka kwa amake osayang'ana kumene kunali Hailan. Anali mankhwala owonjezera magazi, aja amagulitsa m'masitolo a m'tauni, odzaza ndi chitsulo chokhachokha.

Hailan anadikira mpaka m'mawa mwake. Anamupeza mwamuna wake kumtsinje akutsuka masamba okulungira mpunga wa pa chaka, n'kukhala pa mwala pafupi naye.

"Bambo a Lele, timabotolo tija n'ta ndani?"

"Amayi anandiimbira foni. Ndikanatani? Ndifike chimanjamanja?"

"Mukanagula maswiti. Munali nane m'chipinda cha dokotala tsiku lija, Lele ali wakhanda. Anakutengani magazi pa mkono, inenso ananditenga. Anati chiyani?"

"Zakale zimenezo."

"Mlandu suola. Anati chiyani?"

Dekun anatembenuza tsamba n'kulitsukanso mbali imene anali atatsuka kale. "Anati tonse awiri tili nayo mbewuyo. Ndikudziwa, mayi a Lele. Sindinaiwale."

"Ndiye muwauze amayi anu. Ine ndikalankhula amati ndine mtengwa wamwano. Inu akumverani. Akangodziwa kuti si matenda a magazi ochepa wamba, kuti ndi chinthu chimene tinamupatsa tonse, mwina asiya kulimbana nane pa mbale ya mwana."

"Osati pano."

"Liti? Zaka zisanu ndi zitatu mukuti osati pano."

"A Tan, makolo a mnyamata uja, akubwera tsiku lopha nkhumba, kudzamaliza za ukwati wa Suping. Akangomva kuti m'magazi a a Nong muli dipin, ukwati wathera pomwepo. Mudzi uno umaudziwa. Mawa lake nkhani ili pamsika. Ukufuna mlongo wanga akalambire pakhomo?"

"Ndikufuna akayezetse. Mwina alibe. Mwina mnyamatayo alibe. Koma akakhala nayo onse, adzaona zimene ndikuona ine. A Tan mwawauza kuti Lele akudwala chiyani?"

Dekun anaviika tsamba lina m'madzi. "Amayi anawauza kuti ndi wofooka chabe. Kuti anatengera kwanu."

"Kwathu."

"Ndi mawu chabe, Hailan. Mawu sathyola fupa. Pirira, chaka chidutse, ukwati uchitike. Ndidzawakhazika pansi amayi, ndikulonjeza."

"Ine ndipirira. Ndazolowera. Kodi mtima wa Lele mwaufunsa ngati upirira? Mwamuona mmene akupumira akakwera pa khonde? Amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma kuno wamanyazi ndinu, wofera kuuna akhala mwana."

"Usalankhule ngati ndine mdani wake. Ndimagwira ntchito usana ndi usiku."

"Ndikudziwa. Thukuta lanu limagula magazi, pakamwa panu ndiye pakumuthira dzimbiri."

Dekun anasonkhanitsa masamba aja n'kunyamuka. Sanali munthu woipa, ndipo chimenecho ndicho chinkamutopetsa Hailan. Mwamuna woipa umadziwa pomugwira. Uyu anali wofewa ngati nthochi yakupsa, ukamufinya amangophwanyikira m'manja.

Madzulo ake Hailan anayesa kwa Suping, akukulunga limodzi mpunga m'masamba. Mtsikanayo anamvetsera mpaka pamapeto, zala zikumanga ulusi.

"Alamu, ine ndili bwinobwino. Sindinagonepo m'chipatala."

"Inenso ndili bwinobwino. Achimwene akonso ali bwinobwino. Mbewuyi simveka m'thupi."

"Amayi anandichenjeza kuti mudzanena zimenezi." Suping anakweza maso, ndipo munalibe chidani, munali mantha okhaokha. "Anati munthu akagwa m'dzenje amafuna mnzake woti agwe naye. Chonde, alamu, a Tan akabwera musandiyalutse."

Tsiku lopha nkhumba linacha ndi chifunga. Amuna a m'banja anaikokera pabwalo ikulira mpaka mudzi wonse kumva, ndipo a Lu anatchera beseni kuti dontho la magazi lisagwe pansi. Pofika masana magaziwo anali atawasakaniza ndi mpunga n'kuwathira m'matumbo, mutu wa nkhumba unali pa guwa la makolo pakati pa zofukiza, ndipo matebulo anali atayalidwa pabwalo. A Tan anabwera anthu asanu, mnyamata wotomera Suping ali pakati, atavala malaya omuthina m'khosi. Amayi ake a mnyamatayo anali munthu wa maso akuthwa, woti akalowa m'nyumba amawerenga ndi mitanda ya kudenga yomwe.

Hailan anakhala chiimire kuyambira m'bandakucha, kutsuka matumbo, kudula nyama, kuthira mowa wa mpunga m'timakapu. Lele anamukhazika pafupi ndi iye, n'kumuikira nsomba yophika m'kamphika kake ndi kapu ya tiyi. Ankadziwa chimene chikubwera.

Kuno kwathu, nkhumba ya pa chaka ikaphedwa, mbale yoyamba ya chiwindi sidyedwa ndi mlendo kapena mwini nyumba. Wamkulu wa pakhomo amaitenga ndi manja awiri n'kuipereka kwa wofooka kuposa onse m'banjamo, anthu akuona, kuti chaka chatsopano chimupeze ndi mphamvu. Ndi mwambo wokoma, ndipo ambiri tinadzukira pomwepo titadwala. Kuikana mbale imeneyo ndi kunena pagulu kuti dzanja limene lakupatsalo lili ndi poizoni.

A Lu anatuluka m'khitchini atavala jekete lawo latsopano, mbale ikufuka nthunzi. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panali Lele, nakankhira pambali nsomba ija, n'kuika mbaleyo patsogolo pake.

"Idya, mdzukulu wanga. Chaka chikupeze ndi magazi."

Hailan anaika dzanja lake pamwamba pa mbaleyo. Nthunzi inamuwotcha m'mabala a nzimbe, koma sanalichotse.

"Amayi, ndapota nanu. Mbale iyi apatseni bambo aakulu. Akhala akutsokomola chaka chonse."

Bambo aakulu a Dekun, mkulu wotsala wa banja la a Nong, anaika pansi kapu yawo. "Ine ndadya ziwindi zambiri, mtengwa. Chotsa dzanja, mwana adye."

"Sangadye. Dokotala analetsa."

"Mwamuona?" A Lu anatembenukira kwa alendo, mawu akunjenjemera. "Mwamuona mmene amandichitira? Mwezi wathawu anatenga msuzi umene ndinaphikira mwanayu n'kuupatsa nkhumba. Lero akufuna kundivula pamaso pa azibale atsopano."

"Akudwala chiyani mwanayu kuti aletsedwe chiwindi?" anafunsa amayi a Tan, mawu awo ali oleza ngati akufunsa mtengo wa kabichi. "Ife tinamva kuti ndi wofooka chabe."

Suping anagwetsa timitengo todyera. Hailan anamuona, ndipo anamumvera chisoni, koma mawu anali atafika kale pa lilime.

"Ali ndi dipin. Amapatsidwa magazi mwezi uliwonse. Chitsulo chamudzadza mpaka mumtima, ndipo chiwindi chimangowonjezera."

Pa matebulo panamveka kung'ung'udza. Amayi a Tan anayang'ana mwamuna wawo, kenaka Suping.

"Dipin timaidziwa," anatero. "Kumudzi kwathu inatha ana atatu a nyumba imodzi. Akuti imayenda m'magazi."

"M'magazi a kwawo," a Lu analowerera msangamsanga, chala chikuloza Hailan. "A kwa a Mo. Funsani aliyense pano ngati anamvapo za m'Nong wodwala zimenezo."

"Bambo a Lele," anatero Hailan. Sanakweze mawu. "Auzeni zimene dokotala anakuuzani."

Dekun anali pa tebulo la amuna, botolo la mowa lili m'manja, akuthirira apongozi a mlongo wake. Pabwalo ponse maso anali pa iye. Anayang'ana amake, kenaka Suping amene anali atagwira pakamwa. Mwana wake sanamuyang'ane.

"Dokotala ananena zambiri tsiku lija," anatero. "Papita nthawi. Sindikukumbuka kuti ananena za ine."

Hailan anamva ngati pansi pasuntha. Sanadabwe, ayi, ankadziwa kuti akhoza kutero. Koma kudziwa kuti galu amaluma sikuchepetsa ululu wa mano ake.

"Mwamva nokha," anatero a Lu, ndipo tsopano mawu awo anali atalimba. "Wabweretsa matenda m'nyumba muno, wamana mwana chakudya, lero akufuna kupaka mwana wanga matope kuti aphe ukwati wa mlamu wake. Ndatopa nawe. Longedza zako ubwerere kwa a Mo chaka chisanalowe. Sindilowa chaka ndi iwe."

"Ndipita ndi Lele."

"Lele ndi wa a Nong," anatero bambo aakulu aja. "Dzina lake lili pa guwa lino. Unabwera wekha, upita wekha. Dekun, ndikunama?"

Dekun anali akuyang'ana m'kapu.

Hailan anachotsa dzanja pa mbale kuti aloze mwamuna wakeyo, amuuze mawu amene anawasunga zaka zonsezi. Sanawanene. Anamva mbale ikukhwekhwerezeka pa tebulo. Lele anali ataikokera pachifuwa pake, timitengo tili m'manja, n'kuyamba kudya.

Ankadya mofulumira, osatafuna bwino, masaya atatupa, akuima pang'ono kuti apume kenaka n'kupitiriza. Panalibe tsinya la mwana amene akulawa chinthu chachilendo. Ankadya ngati munthu wozolowera. Hailan anatambasula dzanja, koma mwanayo anatembenuka n'kuiphimba mbale ndi mkono.

"Taonani," anatero amayi a Tan, nkhope itamasuka. "Mwana akufuna yekha. Thupi limadziwa chimene likusowa."

"Idya, idya," anatero ena pa matebulo, ndipo wina anaomba m'manja.

Lele anamwa msuzi wotsala, n'kutembenuza mbale kuti agogo ake aone kuti yatha. Mafuta anali akuyenderera pa chibwano. Anapuma kangapo asanathe kulankhula.

"Ndamaliza, agogo. Amayi asapite. Munati ndikamadya sapita."

A Lu anamusisita mwanayo pamutu, misozi ili m'maso, osaona cholakwika chilichonse m'mawu amenewo.

Hailan anaima chilili. Anaganiza za njira ya kwawo, ya basi ziwiri ndi mtunda wa pansi. Anaganiza za m'mawa wa mawa, iye kulibe, botolo la mankhwala lili pa alumali, timabotolo tofiira tija tili pa tebulo. Akachoka, palibe wina m'nyumba imeneyi amene angamuyang'ane Lele pakhosi kuti wameza. Akatsala, ali ndi m'mawa ndi madzulo. Masana anali atawataya kale. Ulemu wake unali wotsika mtengo poyerekeza ndi zimenezo, ndipo anadana nako kuona kuti yankho lake n'losavuta chonchi.

Anatenga kapu, n'kuthiramo mowa. Anaigwira ndi manja awiri, naweramitsa mutu pamaso pa apongozi ake, monga amachitira mtengwa wolakwa.

"Pepani, amayi. Ndalankhula mopusa pamaso pa alendo. Matendawa ndi a kwathu. Bambo a Lele alibe mlandu, Suping alibe mlandu. Ndikhululukireni, ndilowe nanu chaka."

A Lu anamusiya ataweramira choncho kanthawi, kuti aliyense aone bwino. Kenaka analandira kapu ija n'kumwa.

"Mwana akalakwa satayidwa," anatero bambo aakulu, ndipo anthu anapumira pansi. Timitengo tinayambanso kugogoda m'mbale. Amayi a Tan anamuikira Suping nthuli ya nyama m'mbale mwake, n'kumutcha mwana wanga. Dekun anapitiriza kuthira mowa mpaka wina kutayikira pa tebulo.

Hailan anakhala pansi n'kumupukuta Lele pa chibwano ndi nsonga ya malaya ake. Mwanayo anamutsamira, ndipo kudzera m'jekete lija ankamva kamtima kakugunda mothamanga, ngati ka mwanapiye wogwidwa m'manja.

"Zatha, mtengwa wanga, zatha," anatero a Lu mokoma mtima, atabwerera kuchokera kukhitchini. "Ndakukhululukira ndi mtima wonse. Tiyeni tonse timulere mwanayu."

M'manja mwawo munali chipande. Anawerama, nadzazanso mbale ya Lele mpaka m'milomo.